Kodi Munthu Angasiye Mnzace Paphiri?

M'miyezi ya mvula yapitayi tinawerenga mabuku angapo a Cingerezi onena za anthu okwera mapiri aatali a dziko lapansi, ndipo m'menemo muli mlandu umodzi umene wakana kutuluka m'mtima mwathu. Tayesa nkwabwino kuutula pabwalo lino, kuti tiulingalire pamodzi.

Tiyambe tanena za malowo. Pa dziko lonse pali mapiri 14 amene msinkhu wao upitirira mamita 8,000, ndipo onsewo ali ku Asia, ku Himalaya ndi ku Karakoram. Lalitali koposa ndilo Everest, la mamita 8,849, limene Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anayamba kuponda pansonga pace pa 29 Meyi 1953. Sapitwa wa ku Mulanje ali ndi mamita 3,002. Kuti mulingane ndi Everest pafunika kusanjikiza Asapitwa atatu. Kumwamba kumeneko mpweya ucepa, kotero kuti munthu akapuma kamodzi alandira limodzi lokha la magawo atatu a mpweya umene akadalandira m'mbali mwa nyanja yamcere. Cifukwa cace ambiri asenza mpweya wa m'mabotolo. Miyendo ilemera, nzeru zisokonezeka ngati za woledzera, zala ziuma ndi cisanu nizida. Kunyamula wodwala, kumene kuno amuna anai acita ndi macila, kumeneko kufuna anthu ambiri, ndipo kawiri kawiri kulephereka. Musunge ici, kuti tingaweruze mopanda cilungamo.

Tsono imvani nkhani yoyamba. M'caka ca 1985 anyamata awiri Angerezi, Joe Simpson ndi Simon Yates, anakwera phiri la Siula Grande ku Peru. Potsika, Simpson anagwa nathyoka mwendo. Yates sanamsiye, koma analumikiza zingwe ziwiri, nayamba kumtsitsa pang'ono pang'ono m'kati mwa namondwe. Kutada, osaona kutsogolo, anamtsitsira pa therezi, ndipo Simpson analendewera m'malere, wosakhoza kukwera, wosakhoza kutsika. Yates anagwira cingwe koposa ora lathunthu, cipale cofewa cimene anakhalapo cirikugumuka, kulemera kwa mnzace kulikumkokera kuphompho. Pamenepo anasolola mpeni, nadula cingwe. Simpson anagwera m'mng'alu waukulu wa madzi oundana, koma sanafe. Anapeza poturukira, nakwawa masiku atatu wopanda cakudya, nafika pamsasa usiku, Yates atatentha kale zobvala zace, ali pafupi kunyamuka. Simpson yemweyo ndiye analemba buku la Touching the Void, la m'caka ca 1988, ndipo m'menemo amkanira mnzace mlandu.

Kodi Yates anacimwa? Tidziwa tonse lamulo loletsa kupha, ndipo mpeni uja utibvuta. Koma tapenyani dongosolo la zinthu. Pamene Simpson anathyoka mwendo, njira yapafupi inali kumsiya pomwepo ndi kunena kuti akukaitana anthu. Yates anakana njira imeneyo, naika moyo wace pangozi tsiku lonse. Cingwe anacidula pamene cinaleka kupulumutsa mmodzi, cinatsala pang'ono kupha awiri. Ife sitimyesa wambanda. Sitinenanso kuti cinali cinthu copepuka, pakuti anthu ena kwao anamnena, ndipo munthu wotere asenza katundu wace kufikira kumanda.

Koma m'nkhani yomweyi muli kanthu kena kakutiopsa. M'mawa mwace Yates anaona mng'alu uja, natsimikiza mumtima kuti mnzace wafa. Pamenepo Simpson anali wamoyo m'katimo. Ndipo ici cibwerezabwereza m'mabukuwa. M'caka ca 1996, pa Everest, Beck Weathers anasiyidwa pa cipale cofewa monga munthu wosatheka kucira, koma anauka yekha, nayenda kufikira kumahema, ngakhale pambuyo pace anamdula dzanja lamanja ndi mphuno. Mau akuti "wafa kale" aturuka msanga m'kamwa mwa munthu wolema, pakuti amasula cikumbu mtima ndi kutsegula njira. Tiwaope mau amenewa. Ngakhale pamseu pathu pano amveka, pamene galimoto lagunda munthu, ndipo anthu aunjikana patali, aliyense kuopa kukhala mboni.

Nkhani yaciwiri ndi yolemera koposa. Pa 15 Meyi 2006 Mngerezi dzina lace David Sharp anafera m'kaphanga pafupi mamita 8,500 pa Everest. Iye anakwera yekha, wopanda mperekezi, wopanda wailesi. Usiku umene iye analikuzirala, anthu oposa 30 anapita pomwepo. Tinene zoona zonse: kunali mdima, ena sanamuone, ena anamyesa mtembo umene unagona m'phangamo zaka zambiri, ndipo kutaca, Asherpa ena potsika anampatsa mpweya namkokera padzuwa, koma sanathe kumuimiritsa. Komabe alipo amene anaona kuti alikupuma, napitirira kunka kunsonga. Hillary, ali nkhalamba, anadzudzula mcitidwe umenewu poyera.

Owakanira anena zitatu. Ati, analipira ndalama zambiri, nakonzekera zaka. Ati, Sharp anadziitanira yekha tsoka. Ati, ngakhale akadaima sakadacira. Coyambaco sitidzataya naco nthawi, pakuti palibe Mkristu angaike ndalama pa muyeso umodzi ndi moyo wa munthu. Caciwirico ciri ndi coonadi, koma m'fanizo la pa Luka 10 Msamariya sanayambe wafunsa cifukwa cace munthuyo anayenda yekha m'njira yodziwika ndi acifwamba. Cacitatu ndico colimba, ndipo kapena ncoona. Munthu wosakhoza kuima pa mamita 8,500 apulumuka kamodzi kamodzi. Koma ife tiyang'ana cinthu cimodzi: mapazi ao analoza kuti? Wotsika, amene mpweya wamthera ndipo maso alikucita cidima, akapitirira mnzace, timcitira cifundo, pakuti alibe copatsa. Koma wokwera ali nazo mphamvu za maora ambiri, ndi mpweya m'botolo; ali naco cuma, ndipo asankha kumene adzacimwaza. Wansembe ndi Mlevi aja analambalala osati cifukwa ca kulema, koma cifukwa anali ndi kwina kumene anafuna kukafika. Ndiponso kwathu kuno sitidwazika okhawo amene adzacira. Tikhala pa mphasa ya wodwala kufikira atsirizika, tingakhale tidziwa kuti mankhwala atha, cifukwa munthu sayenera kufa yekha ngati nyama ya m'chire.

Atapita masiku 10, paphiri lomwelo, Lincoln Hall wa ku Australia anasiyidwa madzulo monga wakufa, ndipo mbiri ya imfa yace inafika kwa mkazi wace. M'mamawa Dan Mazur ndi anzace atatu, alikukwera, anampeza ali khale pamphepete pa phompho, wamoyo, nzeru zitasokonezeka. Nsonga inali pafupi, kunja kunali bwino. Anaima, nampatsa mpweya ndi cakumwa, nakhala naye kufikira anafika Asherpa omtsitsa. Ndipo ulendo wao unathera pomwepo. Hall anakhoza kuyenda, Sharp sanakhoze. Kusiyana kumeneku tikubvomereza. Koma Mazur sakadadziwa kuti munthuyo angayende akadapanda kuima.

Tsono wina adzati, Ngati nditero, kodi Mkristu ayenera kukhala ndi mnzace kufikira afere naye pamodzi? Apa tiyende mocenjera. M'caka ca 1953 gulu lotsogozedwa ndi dotolo Charles Houston linakwera K2, phiri laciwiri kutalika, la mamita 8,611. Ali pamwamba, mmodzi wa iwo, Art Gilkey, anadwala nthenda ya kuundana kwa mwazi m'mwendo. Dotoloyo anadziwa kuti ciyembekezo ncocepa, koma onse anataya za nsonga, namkulunga m'hema, nayamba kumtsitsa m'mphepo yoopsa. Mmodzi anaterereka nakoka anzace, ndipo onse akadathera kuphompho, koma Pete Schoening anawagwira yekha ndi cingwe cokoleka pa nkhwangwa yace. Anammangirira Gilkey pa therezi kuti akakonze pogona. Pobwera anapeza palibe. Otsalawo anafika pansi amoyo, nalemba buku la K2: The Savage Mountain. Munthu sawerenga nkhani imeneyi wosawalemekeza. Koma kunatsala pang'ono kuti maliro amodzi abale maliro ambiri.

Cimodzimodzi Rob Hall wa ku New Zealand, mtsogoleri wa ulendo wa 1996 umene Jon Krakauer afotokoza m'buku la Into Thin Air. Mmodzi wa anthu amene anawatsogolera, Doug Hansen, anakomoka pafupi ndi nsonga. Anzace a pansi anamdandaulira Hall pa wailesi kuti atsike yekha, koma anakana; ndipo onse awiri anafera komweko, Hall atalankhula kotsiriza ndi mkazi wace, amene anali ndi pakati. Ndani angamdzudzule? Ife iai. Koma sitingaikenso ici cikhale lamulo pa onse, pakuti mkazi ndi mwana wosabadwayo nawonso anali anansi ace. Tiyesa pali kusiyana pakati pa mangawa ndi mphatso. Kutaya nsonga, ndalama ndi mbiri cifukwa ca mnzako ndiwo mangawa, ndipo wosabweza ali ndi mlandu. Kutaya moyo ndiyo mphatso; wopatsa timlemekeza, wosapatsa sitimuimba mlandu.

Ndipo bukulo lisonyeza cinanso. Hall anali atawauza anthu ace kuti ikakwana 2 koloko masana, kapena isanakwane, ayenera kubwerera, angakhale nsonga iri pafupi. Koma Hansen anafika pansonga nthawi ya 4 koloko. Caka capitaco Hall anambweza munthu yemweyo atatsala pang'ono kufika, ndipo tiyesa cifundo cinamlaka kumbwezanso kaciwiri. Cotero mlandu wa madzulo unabzalidwa masana. Tikafika pakufunsa kuti, Ndimsiye kodi, kapena ndife naye? kawiri kawiri tacedwa, pakuti funso labwino linali la poyamba paja, dzuwa liri pamutu.

Cinatsala cimodzi ca mabuku eni ace. Olemba ndiwo opulumuka, ndipo munthu aliyense adzilembera mokoma. Krakauer anamnena Anatoli Boukreev kuti anatsika msanga kusiya anthu ace. Boukreev, amene usiku womwewo anaturuka yekha m'namondwe napulumutsa anthu atatu, anayankha ndi buku lace la The Climb. Mutu umodzi susenza denga, ndipo buku limodzi silitha mlandu. Koma alipo ena amene salemba kawiri kawiri, ndiwo osenza akatundu. Ife adzukulu a amtengatenga, amene anasenza akatundu a nkhondo ya 1914 kufikira 1918 nafera m'njira maina ao osalembedwa, tiwerenga masamba amenewa ndi diso lina. M'mwezi wa Julaye 2023 Muhammad Hassan, wosenza katundu wa ku Pakistan, atate wa ana atatu, anabvulala pa K2. Ena anayesa kumthandiza, koma zithunzi zinaonetsa okwera ambiri alikumlumpha, kunka kunsonga.

Ndipo m'caka ca 1934, pa phiri la Nanga Parbat, namondwe anagwera ulendo wa Ajeremani. Anthu 10 anafa caka cimeneco, 6 a iwo Asherpa. Mtsogoleri wao, Willy Merkl, analefuka wosakhoza kuyenda. Panatsala naye Asherpa awiri. Ang Tsering anatsika kukaitana thandizo, nafika ali pafupi kufa. Koma mnzace, dzina lace Gaylay, munthu waganyu wolipidwa pa tsiku, anasankha kukhala ndi Merkl. Thandizo silinathe kuwafika. M'caka ca 1938 Ajeremani ena anakweranso phirilo, napeza mitembo ya awiriwo iri pamodzi.