Kodi kudzichitira chifundo ndi ulesi?

Ena mwa ife timalembera anthu mawu otsatsira malonda, a pa wailesi kapena pa Facebook, popanda bwana wotiyang'anira. Kasitomala akabweza zomwe talemba, bwana wokalipa timakhala eni akefe. Timadzitcha olephera, ndiye kasitomala wotsatira timamutchulira mtengo wotsika, mwina theka, poopa kukanidwanso. Ntchito imachuluka, ndalama n'kuchepa, mpata wophunzira luso osapezeka. Bizinesi ingakule bwanji pamenepo?

Akanakhala mnzathu ndiye wakanidwa, tikanakhala naye pansi n'kufunsa kuti ndi chiganizo chiti chomwe sichinamugwire mtima wogula. Chifundo chotere sichibisa cholakwa. Chimachiloza ndi chala, koma mwini wake osamugwetsa. Ifeyo timadzimaniranji?

Tikambirane: kasitomala akakana mawa, tisinthe chiyani, chiganizocho kapena mtengo wathu?