Kwa Achinyamata a ku Moatize ndi Zóbuè Opanga Mabolodi Pakhomo

Ana anga, inu okonza mafoni ndi mawayilesi pamsika wa Moatize, ndi inu a pachipata cha Zóbuè amene mwayamba kupanga totchajira mabatire a sola, tatcherani khutu. Kuti ambiri mwaphunzira KiCad, pulogalamu yaulere yojambulira mabolodi ija, ndakondwa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mukujambula ngati bolodiyo ikapangidwa kufakitale ya ku Shenzhen, chonsecho wodzaipanga ndi mnzanu amene ali ndi simbi yositira, beseni lapulasitiki ndi botolo la ferric chloride basi.

Fakitale imakwanitsa tinjira tamkuwa tosafika 0.2 mm. Pakhomo ayi. Inki ya pulinta ya laser, imene mumaisamutsira pamkuwa ndi simbi yamoto, pena imafalikira, pena imaduka. Tsono kanjira kalikonse kakhale 0.8 mm kapena 1 mm m'lifupi, ndipo pakati pa tinjira musiye mpata wosachepera 0.5 mm. Kochokera kubatire ya 12V, konyamula moto wambiri, kakhale 2 mm kapena kuposerapo, chifukwa mkuwa wa pabolodi wamba ndi 0.035 mm yokha kuchindikala kwake.

Mkuwa ukhale mbali imodzi. Bolodi ya mbali ziwiri imafuna kuti mabowo akumwamba ndi akunsi akumane ndendende, komanso afakitale amakuta mkati mwa bowo lililonse ndi mkuwa, zimene inu simungathe. Tinjira tiwiri tikafuna kudutsana, dumphitsani kamodzi ndi kawaya pamwamba. Ena mwa inu mumachita nako manyazi kawayako, ati kakuonetsa kulephera. Manyazi a chiyani? Tsegulani wayilesi yakale iliyonse muwerenge timawaya todumpha timene tili m'menemo, koma wayilesiyo mpaka lero ikulira.

Musanajambule, zipangizo zikhale m'manja. Musaike pabolodi chinthu chimene mwangochiona pa intaneti, pamene mumzinda wa Tete mulibe, ku Blantyre nakonso kulibe. Sankhani zamiyendo zolowa m'mabowo, monga NE555 ndi 7805, zomwe zimapezekanso m'zida zakufa. Mukatha kujambula, sindikizani papepala wamba, mubaye miyendo ya zipangizozo papepalapo muone ngati zikukwana. Miyendo ya NE555 imatalikirana 2.54 mm, musakakamize kanjira kudutsa pakati pake. Powotcherera mwendo uliwonse pakhale potakata 2 mm, pakati pake kadontho kopanda mkuwa kuti choboolera chisaterereke. Bowo la 0.8 mm limakwana miyendo yambiri, yonenepa imafuna 1 mm. Malo otsala musawasiye opanda kanthu: adzazeni ndi mkuwa wolumikizidwa ku negativi, kuti mankhwala akhale ndi zochepa zoti adye, botolo likhalitse. Lembaninso dzina lanu pamkuwapo. Papepala liyenera kuoneka lotembenuka. Likamawerengeka bwino, dziwani kuti bolodi ituluka chagada.

Dziko lathu nalo lili ndi zake. Mu Okutobala ndi Novembala ku Moatize kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ferric chloride akafunda amadya mkuwa mwachangu. N'zabwino, koma musachoke pabeseni. Ligwedezeni pang'onopang'ono, ndipo mkuwa wosafunika ukangotha tulutsani bolodi mutsuke, apo ayi mankhwala ayamba kufukula pansi pa inki ngati chiswe. Kutentha komweko kumapsereza 7805, choncho musiyireni malo a kachitsulo kozizirira. Fumbi la malasha limalowa paliponse; kwechani mkuwa ndi sitiliwaya, pukutani, ndipo musaugwirenso ndi zala musanamate inki. Inu a ku Zóbuè, kumapiri, mdani wanu ndi chinyontho cha dzinja. Mukatha kuwotcherera pakani vanishi, mkuwa ungabiriwire.

Pa mankhwalawa ndilankhula mokweza. Ferric chloride amadya chitsulo, amawononga zovala, ndipo akagwera m'diso n'zoopsa. Musamusunge m'botolo la chakumwa, mwana angamwe. Ferric chloride wothayo ali ndi mkuwa wosungunuka, umene umapha nsomba. Mukamutaya m'ngalande, mvula imutengera mumtsinje wa Revúbuè, Revúbuè n'kukamutula mu Zambezi, momwe abale anu akuwedza. Thiranimo laimu, dikirani matope akhazikike, aume, muwasunge motseka kutali ndi chitsime. Mukagwira mtovu wowotcherera, sambani m'manja musanatape nsima.

Magetsi a pakhoma a kampani ya EDM ndi 220V, sadziwa kuti ndinu ophunzira. Yambani ndi za 12V. Tsiku limene mudzalowetse magetsi a pakhoma pabolodi, mbali imeneyo idzatalikirane ndi inzake 6 mm kapena kuposa, pakhale fyuzi, ndipo bolodi itsekeredwe m'bokosi lapulasitiki.

Kumbukiraninso wodzakonza. Tchaja yomwe mwagulitsa kwa dalaivala wa thiraki pa Zóbuè ingathe kukafera ku Mwanza kapena ku Lilongwe, m'manja mwa mmisiri amene sanakuonenipo. Musafute manambala a zipangizo poopa kuti ena akuberani luso. Lembani + ndi − pofikira mawaya, lembani nambala ya chipangizo chilichonse pambali pake, ndipo pepala la chithunzi cha mayendedwe a moto mulipinde, mulimate mkati mwa chivundikiro cha bokosi.