Wakuba ndani pa Thyolo?

Ukatsika basi pa Thyolo boma, maso amayamba kukhuta mimba isanalawe kanthu. Tiyi wobiriwira, wometedwa bwino ngati mutu wa mwana wasukulu, kuchokera apa mpaka uko. Koma tatembenukani muyang'ane kumapiri: chimanga chakwera malo oti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza kaye. Atsibweni anga ankalima malo otere. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atavumbitsa mvula masiku angapo osakata, munda wawo unatsetsereka ndi matope, nyumba nayo. Iwo anapulumuka nkukagona pasukulu. M'dziko lonse anafa anthu oposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Ine wa m'tauni ndinafika ndi thumba la ufa komanso ulaliki. "Atsibweni, inunso mumalimiranji m'phiri? Mitengo munadula, nanga dothi ligwira pati?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mphwanga, ndikalime pati? Pa tiyi?"

Funso limeneli silinandichoke m'mutu. Timati wolowa m'munda wa mwini ndi wakuba, nzoona. Nanga mwiniyo anaupeza bwanji? M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificate of Claim, kutsimikiza malo amene ankati anagula kwa mafumu, ena ndi nsalu ndi mikanda chabe. Kenaka kunabwera Alomwe, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, nkulandiridwa ndi thangata: gwira ntchito kwa bwana kuti upeze pogona. Mu 1953 anthu a ku Thyolo anaukira, magazi anakhetsedwa. Thangata linatha mu 1962, koma malire a maesiteti sanasunthe kwenikweni. Boma linayesa Kudzigulira Malo kuyambira 2004, mabanja ena nkusamukira ku Machinga ndi Mangochi, kusiya manda a makolo. Mu 2016 otsatira a Vincent Wandale analowa ndi makasu mu esiteti ya Conforzi, ndipo anathera m'manja mwa apolisi. Tonse tinaseka nkhani ya dziko lake lodziimira palokha. Njala ya malo imene inamupatsa omutsatira ija sitinaiyankhe.

Musandimve molakwa, sindikuti tizule tiyi. Amalemba ntchito anthu zikwizikwi, amabweretsa ndalama zakunja, ndipo kunena chilungamo, mitengo yachilengedwe yotsala m'bomali yambiri ili m'maesiteti momwemo, pamene nkhalango ya phiri la Thyolo tinaimaliza tokha. Mutagawa tiyi yense, banja lililonse lingapeze kachigamba chabe.

Koma pali chimene chasintha. Kale kulima m'phiri kunali umphawi basi. Lero, mvula ikugwa ya mwezi wonse m'masiku atatu, ndi kudzikumbira manda. Ndipo utsi umene watenthetsa dzikowu suchokera kwa atsibweni, amene alibe ngakhale njinga yamoto. Ndiye munthu wotere akatsika m'phiri nkukabzala chimanga pamalo ogonera a esiteti, pomwe pamera tchire lokha, mtima wanga ukukana kumutcha wakuba. Chikalata ndi chikalata, khoti lichilemekeze, koma sindiona kuti pepala la m'nthawi ya atsamunda lingalemere kuposa mwana wogona pansi pa thanthwe logwedera.

Atsibweni anauzidwa kuti asamukire malo otetezeka. Malowo sanawaonetse. Mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho, ndinawapeza akupanga mizere pamtunda pang'ono pa pamene panagumuka paja.