Kodi Nthano ya Zodabwitsa ndi Bodza?

M'caka ca 1991 mkango wina unasautsa anthu a m'midzi ya pafupi ndi Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa. Unali wamphongo koma wopanda manyenje, ndipo unapha anthu asanu ndi mmodzi. Utadya mai wina, unabweranso nulowa m'nyumba yace, nutenga thumba la zobvala, nuyenda nalo pakati pa mudzi uli kubangula. Poona zimenezi anthu ambiri anakhulupirira kuti cirombo cimeneci sicinali ca m'thengo, koma mfiti kapena ciwanda. Potsiriza pace unaphedwa ndi mlenje wocokera ku California, ndipo cikopa cace anakaciika m'nyumba yosungiramo zinthu ya Field Museum ku Chicago. Akatswiri atapima cigaza cace anapeza kuti cibwano cinali cobvulala, cinthu cimene cikadaubvutitsa pogwira njati kapena mbawala.

Tsono mnyamata wa kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya amene watsiriza sukulu, nafuna kulemba nkhani imeneyi, alembe ziti? Akalemba za cibwano zokha, wanena zoona, koma wasiya kunja mantha a anthu amene anagona maso usiku ndi usiku. Akalemba kuti mkangowo unali munthu, ena adzati wanama. Funso lace ndi ili: kodi wolemba amene asanganiza zodabwitsa ndi za moyo wa masiku onse ali wabodza?

Bodza ndilo kunena cinthu ndi colinga conyenga womvera. Koma agogo akayamba nthano madzulo, ana nayankha kuti ali tonse, palibe amene anyengedwa. Mwana adziwa kuti kalulu sayankhula. Cimene aphunzira ndico cakuti wocepa mphamvu apulumuka ndi nzeru. Akunda, pa mwambo wao wa Malaila, amabvina kukumbukira kupha mkango, ndipo pamenepo mkango ndi cirombo, komanso ndiwo cizindikiro ca mdani aliyense wa mudzi. Zodabwitsa ndizo cotengera cimene akale anasungiramo coonadi colemera.

Olemba a maiko ena atsata njira yomweyi. Amos Tutuola wa ku Nigeria anaturutsa buku la The Palm-Wine Drinkard m'caka ca 1952, nadzaza nalo mizimu ya nthano za Ayoruba. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, amene buku lace lochuka linaturuka m'caka ca 1967, ankanena kuti luso lace analitenga kwa agogo ace aakazi, amene ankasimba zosatheka nkhope ili phee, monga ngati anena za mtengo wa mcere. Nayenso Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, m'buku la The Old Drift la 1919 ai, koma la 2019, anapatsa udzudzu mau kuti usimbe mbiri ya Zambia. Onsewa sanawerengedwe abodza, pakuti owerenga anazindikira anthu eni-eni m'kati mwa zozizwitsazo.

Komabe pali malire amene wolemba sayenera kulumpha. Mkango ukachedwa munthu, funso lotsatira m'mudzi ndilo lakuti, munthuyo ndani? Pamenepo maso a anthu amagwera nkhalamba yosowa abale, kapena mlimi amene nkhokwe yace yadzala koposa za anzace. Nthano yasanduka mkondo. Cifukwa cace lamulo la za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'dziko lino m'caka ca 1914, liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Wolemba wanzeru aonetse mkango uli kuyenda ndi thumba lace, aonetse mantha ndi manong'onong'o a pa citsime, aonetsenso nkhalambayo ili kumva dzina lace licokera m'kamwa mwa adzukulu ace omwe. Akatero wowerenga adzaopa zirombo ziwiri, ca m'thengo ndi ca m'mitima ya anthu, nakumbukira kuti caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Motero mnyamata uja asacite manyazi ndi nthano za kwao, monga ngati maphunziro amlamula kuzitaya. Alembe zimene anamva pa bwalo, njobvu zolowa m'munda ndi maloto a amalume ace pamodzi. Muyeso wa nkhani yace sudzakhala wakuti zinthuzo zingathe kucitika kapena iai, koma wakuti woiwerenga, poitseka, adzamvera mnansi wace cifundo kapena adzamtolera mwala.