Tinagogoda, Aphunzitsi

Mu 2024, caka cimene mvula inakana ndipo madzi anatsika ku Kariba, malaiti anali kupita m'mawa n'kubwera pakati pa usiku, mwina osabwera n'komwe. Koma nchito ya mphunzitsi siidikira malaiti. Madzulo alionse ndinali kuyatsa kanyale ka sola, kuunjika mapepala a ana a giredi 12 pathebulo, kulowetsa mahedifoni m'makutu, ndi kutsegula nyimbo zija zimene anzanga ku sukulu amati ndi za odwala: piyano yoyenda pang'onopang'ono, kang'oma kogunda ngati mtima wa munthu wogona, kamvula kumbuyo, popanda woimba. Pa intaneti amazichula maina osiyanasiyana, ambient, downtempo, lofi. Kwa ine zinali cabe nyimbo zocongera mapepala.

Usiku wina amai a nyumba yoyandikana nane anabwera kudzagogoda. Mwana wao wa zaka zitatu anali kukomoka ndi malungo, amuna ao anali ku Mwami, foni yao inali itazima kalekale. Anali kudziwa kuti yanga imakhala ndi moto ndiponso kuti ndili ndi nambala ya munthu wa takisi. Anagogoda pacitseko, anaitana, anagogodanso pawindo, kenako anathamangira nyumba yacitatu. Mwanayo anafika kucipatala, ndipo lero ndiye amathamangitsa nkhuku zanga. Koma m'mawa mwake titakumana pampopi, amaiwo anangoti: "Tinagogoda, aphunzitsi. Kapena munali mutagona." Ananena mwaulemu, maso ali pa cidebe. Tonse awiri tinali kudziwa kuti nyale yanga inali kuyaka ndipo mthunzi wanga unali kuoneka pa katani.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati munthu ali ndi ufulu wotseka makutu kuti apeze mtendere, pamene akhala pakati pa anthu amene angamufune nthawi iliyonse.

Ndiyambe ndi kuziteteza nyimbozi, cifukwa ndimazikondabe. Amene mwakulira ku Mchini, ku Navutika kapena ku Kapata mudziwa kuti bata ndi katundu wodula. Nyumba ya zipinda ziwiri, anthu asanu ndi atatu, wailesi ya atate, mwana wolira, bala kuseri kwa mpanda, ndipo Lacisanu usiku chalichi ya pakona ikesa ndi masipika mpaka tambala woyamba. Wokhala ku Kalongwezi amagula bata ndi mpanda wa njerwa ndi geti yacitsulo. Mwana wa m'komboni amaligula ndi bandulo ya makwacha ocepa ndi mahedifoni a pamsika amene khutu limodzi limafa pakatha mwezi. Mtsikana wina m'kalasi mwanga anandiuza kuti akavala ake ndiye kuti walowa kucipinda cake, pomwe cipinda alibe, amagona pabalaza ndi ang'ono ake atatu. Amene angamudzudzule ayambe wamumangira cipindaco.

Ndipo nyimbozi zimagwiradi nchito imene anazipangira. Amapiano imathamanga kupitirira kugunda 110 pa mphindi, ndipo ng'oma yake imalankhula ndi ciuno. Lofi imakhala pakati pa 70 ndi 90, pafupi ndi mayendedwe a mtima wa munthu wokhala pansi. Ilibe mau, conco palibe colimbana ndi mau a m'buku limene uli kuwerenga. Imangozungulira pa tumanoti tocepa, siikwera phiri, siikulonjeza kuti kutsogolo kuli malo okoma oti udikire. Pa YouTube pali Lofi Girl, kamtsikana kojambula kolemba m'buku pafupi ndi windo, mphaka ali pambali, nyimbo zikulira usana ndi usiku osaleka. Ana a sukulu a ku Seoul, ku São Paulo ndi ku Chipata amakhala naye pamodzi, aliyense payekha.

Ciyambi cake n'cimene cinandidabwitsa nditaciwerenga. Mu 1975 woimba wa ku England, Brian Eno, anagundidwa ndi takisi ndipo anagona pabedi kwa nthawi. Mnzake anamubweretsera mbale ya nyimbo za zeze wa Azungu. Mbale itayamba kulira, mau anali otsika kwambiri, sipika imodzi inali yakufa, ndipo iye analibe mphamvu zodzuka kuti akakweze. Anangogona n'kumamva zingwe zikusakanikirana ndi mvula ya panja. Pamenepo anaganiza za nyimbo yokhala m'cipinda monga mmene kuwala kumakhalira, yoti ungaichere khutu kapena kuiiwala. Mu 1978 anapanga Music for Airports, ganizo limene linamufikira ali kudikira ndege ku Cologne. Onani bwino apa: nyimbo yake inali ya m'masipika, pamalo a anthu ambiri, yopangidwa kuti isiye mpata wa mau ena. Mvula inali kuloledwa kulowa. Wogogoda pacitseko ca Eno akanamveka.

Ife tinaitenga nyimbo yotsegula mawindo n'kuisandutsa citseko. Ngakhale mvula imene timamva mmenemo ndi yojambulidwa kwina. Ya pamalata athu timaitsekera kunja.

Wina anganene kuti mlandu ndi wa mahedifoni, nyimbo ilibe cifukwa. Ndinadziuza zomwezo kwa milungu ingapo, ndipo mbali ina n'zoona. Ndikanamvera Paul Ngozi mokweza, mwina sindikanamvanso kugogoda. Koma nyimbo ya Paul Ngozi imatha. Ikatha pamakhala kamphindi ka cete, umadzuka, umakumbukira kuti uli m'nyumba, kunja kuli anthu. Imakutopetsanso, cifukwa imafuna kuti uimvere, ndipo pakapita theka la ola umacotsa mahedifoni kuti makutu apume. Izi zanga sizitha ndipo sizitopetsa. Anazisula dala kuti uiwale kuti uli kumvera kanthu. Ubwino wake wonse uli pomwepo, ndipo usiku uja ndinakhala maola atatu osatukula mutu cifukwa ca ubwino womwewo.

Tisaganize kuti nyimbo ya munthu mmodzi, yofatsa, yobwerezabwereza, inabwera ndi foni. Kuno kum'mawa tinali nayo kale. Kalimba ndi cimeneco. John Blacking analemba za kalimba wa Ansenga mu 1961, ndipo ambuya anga, amene sanamvepo za Blacking, anali kusimba za anyamata oyenda ulendo wautali wapansi kalimba ali m'manja, akudziimbira okha kuti njira ifupike. Mau ake ndi aang'ono, safika patali, sasonkhanitsa mudzi monga ng'oma za Gule Wamkulu kapena mapazi a Angoni ku Mtenguleni pa Nc'wala. Lero mukamvetsera bwino nyimbo za lofi mudzamva kalimba akulira mmenemo, atadutsa m'kompyuta ya munthu amene mwina sadziwa kumene Petauke ili. Koma mnyamata uja wa panjira makutu ake anali otsegula. Anali kumva fisi, anali kumva moni wa wokumana naye, anali kuleka kuimba kuti ayankhe. Komanso nyimboyo inali kutuluka m'zala zake. Cimene cinali kumuwawa mumtima cinali kudutsa m'zala n'kukhala mau. Ine zala zanga zimangogwira bolopeni yofiira, ndipo nyimbo imene imanditonthoza inapangidwa ndi munthu wosandidziwa, kuti itonthoze wina aliyense pa vuto lina lililonse.

Apa ndiye pali malire aciwiri, ndipo kwa ine ndi aakulu kuposa oyamba. Nyimbo zathu zambiri zimachula vuto. Amai posinja pamtondo anali kuimba za mwamuna womwa ndalama za fodya, za apongozi ovuta, za mkazi mnzao, mokweza kuti woimbidwayo amve ali pakhonde. Wina amayambitsa, ena amavomera, ndipo povomerapo ndiye kuti anena kuti tamva, sulinso wekha. Pamaliro n'cimodzimodzi. Amalume anga atamwalira ndinayesa kuthawira ku nyimbo zanga usiku woyamba, kuseri kwa nyumba. Zinandisisita pamsana bwinobwino, koma sizinadziwe kuti wamwalira ndani. Misozi inabwera nditabwerera pamoto, azimai a kwaya atayambitsa nyimbo imene amalumewo anali kuikonda ndipo khamu lonse linavomera, ena mosalongosoka, ena mochedwa.

Nyimbo yopanda woyambitsa ndi wovomera siifuna kanthu kwa iwe. N'cifukwa cake imakoma kwa munthu amene tsiku lonse wakhala akufunidwa: mphunzitsi wa ana makumi asanu ndi awiri m'kalasi imodzi, mwana woyamba kubadwa amene aliyense amamutuma. Koma imatonthoza osafunsa cimene cakupweteka. Mnyamata amene anatsiriza giredi 12 zaka zitatu zapitazo, nchito palibe, ndalama za koleji palibe, angathe kugona nayo usiku uliwonse mtima uli pansi, ndipo m'mawa palibe amene wamva nkhani yake. Sindinena kuti akwiye. Ndimangoopa bata limene limabwera msanga, munthu asanachule n'komwe dzina la comwe cikumudya.

Sikuti onse opanga nyimbozi amathawa dziko. Ku Nairobi kunatuluka mnyamata wochedwa KMRU, amene cimbale cake Peel ca mu 2020 cinamveka kutali. Dzina lake ndi Joseph Kamaru, monga agogo ake, woimba wochuka wa Cikikuyu amene nyimbo zake zinali zodzala ndi miyambi, ndale ndi cidzudzulo. Mdzukuluyu mau alibe, koma amayenda ndi cojambulira mau m'misewu ndi m'malo osiyanasiyana, n'kuumba nyimbo kucokera ku zimene wamva. Nchito yake imayamba ndi kuchera khutu ku malo amene ali. Ndikamumvera ndimadzifunsa kuti Chipata ingamveke bwanji m'manja mwa mmodzi wa inu: mabelu a njinga zonyamula anthu, cigayo, azimai oitanira tomato ku Kapata, mphepo ya mu Julaye yotsika ku Kanjala. Foni yojambulira muli nayo kale m'thumba.

Za usiku uja, sindinapeze njira yodzimasulira. Amai aja analibe pangano ndi ine lakuti ndidzakhala mlonda wao, ndipo palibe munthu angakhale maso ndi makutu kwa onse nthawi zonse osapenga. Komabe m'komboni mulibe ambulansi yoima pakona, mulibe mlonda pageti. Cimene tili naco ndi makoma opyapyala. Khoma lomwelo limene limandibweretsera phokoso la aneba ndi limene lidzawafikitsira kubuula kwanga tsiku limene ndidzagwa ndekha m'nyumba. Ndikatseka makutu ndimakhala ndacotsa njerwa yanga pa cinthu cimene tonse timadalira, ndipo palibe amene ndinamupempha.

Sindinasiye kumvera. Ndinagula kasipika kakang'ono ku Down Shops, ndimakaika pawindo, mau otsika monga a Eno pabedi paja. Bala ya kuseri imalowa, agalu amalowa, ndipo kunena zoona ndimaconga mapepala ocepa pa ola kusiyana ndi kale. Mlungu watha kamwana kaja kanabwera n'kukhala pakhomo, cala m'kamwa, kakumvetsera piyano ikuzungulira. Kanadikira nthawi ndithu, kenako kanandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nyimbo iyamba liti?"