Muazini Wosaona ndi Wantchito Wanu

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pamene mukudya daku kumbukirani Abdullah ibn Umm Maktum. Iyeyu anali wosaona, komabe Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anampatsa ntchito ya adhana ku Madina. M'mwezi wa Ramadhani Bilal ankaitana kukadali usiku, ndipo anthu ankadyabe kufikira atamva mawu a wosaonayo. Nanga iye ankadziwa bwanji kuti kwacha? Anzake ankamuuza. Thandizo lake linali lomwelo basi, ntchito nkumayenda.

Tsono inu muli ndi maukonde. Mnyamata wodwala khunyu akadzapempha ganyu, musangomupatsa futali nkumubweza. Zoonadi, m'bwato musamukweze, ndipo pamoto wowambira nsomba asayandikire, poti angagweremo. Koma kusoka ukonde ndi kuyanika usipa pathandala angathe ndithu. Khunyu sapatsirana ayi, ndipo mankhwala ake akufika ndi kumidzi komwe. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba ntchito mu 2007, odwala otere amakalandira mankhwala pa tsiku loikika, ngakhale pa chipatala chaching'ono monga cha Matandani. Wanuyonso tsiku lake la kuchipatala likakwana, mloleni apite, ndipo malipiro ake musadule.