Kodi Mkondo Ungakhale wa Onse?

Anthu a m'midzi yoyandikana amagulitsana cimanga, namwa pa citsime cimodzi, nakwatirana. Koma nkhani ikafika pa mkondo, munthu ali yense afuna kuugwira ndi dzanja lace. Maiko nao ali otero, ndipo mbiri ya ku Ulaya icitira umboni.

Itatha nkhondo yaikuru yaciwiri, maiko 6, ndiwo France, West Germany, Italy, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, anapangana mu 1952 kuti akhale ndi khamu limodzi la asilikali. Koma mu 1954 Nyumba ya Malamulo ya ku France inakana panganolo, pakuti anthu anali asanaiwale kuti mu 1940 asilikali a ku Germany analowa mu Paris. Maiko omwewo anagwirizana za malonda mu 1957, koma mkondo unatsalira ali yense kwao.

Kodi okanawo analakwa? Iwo anali ndi mlandu womveka. Mai amene mwana wace wafera ku nkhondo ayenera kudziwa amene anamtuma, kuti akamfunse cifukwa cace, ndi kumcotsa pa mpando ngati anamtuma cabe. Mlendo wokhala kutali, amene maiyo sanamsankhe, adzayankha kwa yani? N'cifukwa cace bungwe la European Union, la maiko 27, silitumiza asilikali popanda onse kubvomera.

Komatu kudikira kuti onse abvomere kuli ndi mtengo wace, ndipo amaulipira ndi ena. Mu 1995, pa nkhondo ya ku Bosnia, amuna ndi anyamata ngati 8,000 anaphedwa ku Srebrenica, pakhomo peni peni pa maiko amphamvuwo. Manyazi a imfa zimenezo anawafulumiza. Kuyambira mu 2007 anakonzeratu magulu a asilikali ngati 1,500 gulu liri lonse, ndipo pangano la ku Lisbon, limene linayamba kugwira nchito mu 2009, linalamula kuti dziko limodzi likathiridwa nkhondo, ena alithandize ndi mphamvu zao zonse. Koma zaka zinapita magulu aja osatumidwa ku nkhondo ndi kamodzi komwe. Mau analembedwa, mitima inali isanagwirizane.

Akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Anthu a ku Denmark anakhala pambali pa nkhani za citetezo ca bungwelo zaka pafupi 30. Russia atathira nkhondo Ukraine mu 2022, iwo anaponya voti caka comweco, nasankha kulowamo. Palibe anawakakamiza, anaona moto kwa mnansi, nazindikira kuti denga lao nalo ndi la udzu.

Apa ndi pamene pagona yankho. Mkondo wolandidwa kwa mwini ubala cidani, ndipo wobisidwa m'nyumba suteteza mudzi. Ukhala wa onse pokhapo eni ace aupereka okha, podziwa kuti maliro a kwa mnansi ndi ao omwe.